MUNTHU WODYERA NKHONYA: MBIRI YA LOTTIE MWALE

Mau onenedwa pa msonkhano wa aphunzitsi ku Zemba, m'boma la Chadiza

Mphunzitsi ali yense wa kumudzi adziwa ndeu za anyamata. Ziyambira kudambo, kumene abusa a ng'ombe ayesana mphamvu kuti adziwe amene adzathamangira ng'ombe zikalowa m'munda wa eni ace ndi amene adzakhala pamthunzi. Ndipo zifika ndi pabwalo la sukulu pa nthawi yopuma. Zimenezi nzakale, makolo a ku Zemba kuno anakula nazo. Koma masiku ano pafika cinthu cina. Madzulo pa golosale anyamata aunjikana pa foni imodzi, mitu pamodzi ngati nkhuku pa madeya, kupenya amuna awiri otsekeredwa m'khola la waya alikumenyana ndi nkhonya, zigongono, maondo ndi mapazi, nagwetsana pansi, nakanyangana pakhosi. M'mawa mwace mmodzi wa iwo aimika dzanja m'kalasi nafunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi nzoona kuti anthu aja alandira ndalama zambiri kuposa adokotala?"

Mphunzitsi akayankha kuti nzacibwana, mwanayo akhala cete, koma sakhulupirira ai, pakuti waona ndi maso ace lamba wonyezimira ndi galimoto yaikulu. Foni yamuonetsa usiku umodzi wa cipambano. Siinamuonetse zaka zimene zinatsogola, kapena zimene zinatsata pambuyo. Cimene mphunzitsi asowa pa nthawi yotere ndico mbiri yathunthu ya munthu mmodzi wodyera nkhonya, kuyambira pa ubwana wace kufikira pa maliro ace, kuti aiike pamaso pa mwanayo monga iri.

Poyamba nkoyenera kuti mphunzitsi adziwe cimene anawo alikupenya, angamuyese mbuli. Masewerawo achedwa MMA, ndiko kunena kumenyana kosakaniza njira zambiri: nkhonya, mateke, kugwetsana ndi kupotokolana ziwalo. Kampani yochuka koposa pa masewerawa ndiyo UFC ya ku America, imene inacititsa mpikisano wace woyamba mu mzinda wa Denver mu Novembala 1993. Ku South Africa kuli inanso, EFC, imene inayamba mu 2009. Nkhondo imodzi igawidwa m'zigawo zochedwa maraundi, iri yonse ya mphindi 5. Maraundi akhala atatu, koma polimbirana lamba akhala asanu. Munthu apambana akakomola mnzace, kapena mnzaceyo akagogoda pansi ndi dzanja kusonyeza kuti wagonja, kapena woweruza wa m'bwalo akaletsa nkhondoyo. Zonsezi zikapanda kucitika, oweruza atatu okhala kunja ndiwo anena wopambana. Masewera a nkhonya zokha-zokha ndiwo mkulu wace wa MMA, ndipo njira ya moyo wa anthu ace ndi imodzi: kulowa uli mnyamata wosauka, kugulitsa thupi lako pang'ono-pang'ono, ndi kutuluka thupilo litatha. Dziko la Zambia liri naye munthu amene anayenda njira yonseyo pamaso pa anthu onse.

Lottie Mwale anabadwa mu 1952 ku Kitwe, kumigodi. Anayamba nkhonya ali mnyamata, m'magulu a osewera osalipidwa, kumene munthu amenyera mendulo ndi dzina la dziko lace. Mu 1974, ali ndi zaka 21, anapita ku Christchurch m'dziko la New Zealand ku masewera a maiko a Commonwealth, nabwera ndi mendulo ya golidi, atagonjetsa Alex Harrison wa ku Scotland pa nkhondo yotsiriza. Dziko linali pafupi kukwanitsa zaka khumi za ufulu pa caka cimeneco, ndipo anthu anali ndi njala ya kuona mwana wao alikuima pamwamba pa ana a maiko ena. Anamupatsa dzina lakuti Gunduzani, dzina limene Mcewa ali yense alimva popanda womasulira.

Zaka ziwiri pambuyo pace kunali masewera a Olympic ku Montreal. Zambia pamodzi ndi maiko ena a mu Africa oposa 20 anakana kusewera, cifukwa gulu la mpira wa rugby la New Zealand linali litapita kukasewera ku South Africa pa nthawi ya tsankho. Cifukwa cace cinali colungama, palibe angatsutse. Koma Mwale, amene pa nthawiyo anali pa msinkhu weni-weni wa mphamvu zace, sanaponye nkhonya kumeneko. Apa pali cinthu coyamba cimene mnyamata wa foni uja sacidziwa. Mphunzitsi akaphonya mwai wokwezedwa caka cino, angaupeze pakapita zaka zinai ali ndi nzeru zoposa. Womenya nkhonya akaphonya mwai wace, pakapita zaka zinai apeza kuti miyendo yace yayamba kulemera.

Mu 1977 Mwale analowa m'nkhonya zolipidwa, ndipo zaka zitatu zotsatira zinali zodabwitsa. Mu Meyi 1978, mu mzinda wa Leicester ku England, anakomana ndi Tony Sibson, mnyamata wa komweko amene anali asanagonjepo ciyambire. Mwale anamukomola mu raundi yoyamba, abale ace a Sibson alikupenya. Mwezi wotsatira anali ku Belgrade, m'dziko limene linkachedwa Yugoslavia, nagonjetsa Marvin Johnson wa ku America pa ciweruzo ca oweruza. Kukula kwa cipambano cimeneci kunaoneka bwino pakutha pa caka comweco, pamene Johnson yemweyo analanda lamba wa dziko lonse wa bungwe la WBC kwa Mate Parlov. Anthu a ku Lusaka anawerenga cala ndi cala: ngati Mwale anagonjetsa Johnson mu Juni, ndipo Johnson ndiye ngwazi ya dziko lonse mu Disembala, nanga Mwale ndani? Mu 1979 Gary Summerhays wa ku Canada anabwera ku Lusaka ndi lamba wa Commonwealth wa anthu osapitirira makilogalamu 79, nabwerera kwao wopanda lambayo. Masiku amenewo Mwale akamenya, anthu m'midzi ankazungulira wailesi monga ana a lero azungulira foni.

Tsono lamba wa dziko lonse uja sanakhalitse m'manja mwa Johnson. Mu Epulo 1979 anamulanda munthu wina wa ku Philadelphia, amene mbiri yace iyenera kunenedwa pang'ono, cifukwa idzafunikanso kutsogolo. Munthuyo anatayidwa pamseu ali mwana wa zaka ngati zisanu. Masisitere amene anamulandira anamucha Matthew, ndipo popeza anapezeka pa mseu wochedwa Benjamin Franklin Parkway, dzina lace laciwiri linakhala Franklin. Atalandira lamba anasintha dzina nakhala Matthew Saad Muhammad. Kamenyedwe kace kanali koopsa kwa adani ace ndi kwa iye mwini: ankalola kumenyedwa kufikira nkhope itatupa, anthu nayesa kuti watha, ndipo pamenepo ndipo ankadzuka nakomola mnzace.

Pa 28 Novembala 1980, mu mzinda wa San Diego ku America, Lottie Mwale analowa m'bwalo kukomana ndi munthu ameneyu. Anali ndi zaka 28, ndipo ciyambire kulipidwa anali asanagonjepo ndi kamodzi komwe. Nkhondoyo inakonzedwa kuti ikhale ya maraundi 15, monga anali malamulo a masiku amenewo. Mwale anayamba bwino, nkhonya zace zikufika. Koma mu raundi yacinai nkhonya ya Saad Muhammad inamupeza kumutu, nagwa cagada, ndipo nkhondo inathera pomwepo. Raundi ya nkhonya ndi mphindi zitatu. Mphunzitsi wa masamu angauze ana kuti awerenge okha: zaka zoposa khumi za kuthamanga mbandakuca, kudzimana cakudya ndi kumenya thumba la mcenga zinaweruzidwa pa nthawi yosakwana mphindi 12 za kumenyana, nthawi yocepa kuposa yopuma ya pasukulu.

Anthu ambiri ponena za Mwale aimira pamenepa, ena pa mendulo ya golidi, ena pa kugwa kwa ku San Diego. Koma kwa mphunzitsi gawo lofunika ndilo lotsatira, pakuti Mwale sanaleke. Mu 1982 anamenyana ndi Eddie Mustafa Muhammad ku America, nagonjanso nkhondo isanafike kumapeto. Kwao anakhalabe ngwazi, nagonjetsa Chisanda Mutti, mnzace wa m'dziko lomweli amenenso anafika pomenyera lamba wa dziko lonse. Lamba wa Commonwealth anamusunga zaka zisanu ndi cimodzi, kufikira 1985, pamene Leslie Stewart wa ku Trinidad anamulanda. Ndipo mu Epulo 1992, atatsala masiku owerengeka kuti akwanitse zaka 40, anapitanso ku America, ku mzinda wa Bismarck, kukamenyana ndi Virgil Hill, munthu wocepa kwa iye ndi zaka zoposa khumi. Anakomoledwa, ndiponso munali mu raundi yacinai. Pa moyo wace wonse anamenya nkhondo zolipidwa zoposa 50, napambana zoposa 40.

Nanga munthu wa zaka 40 alowanji m'bwalo ndi mnyamata? Amene sanamenyepo ayankha msanga kuti nkusamva. Koma womenya nkhonya alibe malipiro a pa mwezi, alibe penshoni, ndipo salandira kanthu pa miyezi imene alikukonzekera. Alandira pa usiku wa nkhondo wokha, ndipo pa ndalamazo womuphunzitsa atengapo gawo lace, manijala atengapo, boma litengapo msonkho, ndi abale amene anamva pa wailesi kuti walemera ali pakhomo. Nchito ina saidziwa, cifukwa zaka zimene anzace ankaphunzira ukalipentala kapena uphunzitsi iye anali m'bwalo. Okonza masewera nawo afuna dzina lochuka limene ngwazi yao yatsopano ingagonjetse popanda bvuto lalikulu, ndipo dzina la ngwazi yokalamba ndilo liyenera nchito imeneyo. Kotero ndalama zibwera pa nthawi imene thupi silingathenso kudzichinjiriza, ndipo nkhonya za zaka zotsiriza ndizo zifika zambiri.

Cimene nkhonya icita m'mutu ciyenera kufotokozedwa kwa ana momveka, ndipo cigwirizana bwino ndi phunziro la sayansi. Ubongo ndi wofewa, ndipo ukhala m'madzi m'kati mwa cigaza colimba. Mutu ukagwedezeka mwadzidzidzi, ubongo utsalira pang'ono nugunda cigaza m'kati, ndipo timitsempha tace tating'ono titamuka, tina tiduka. Kukomoka kumene anyamata aombera m'manja ndiko ubongo utaleka nchito kwa kanthawi. Fupa likathyoka lilumikizana, cilonda cipola, koma ubongo ukaonongeka subwerera monga unaliri. Magolovesi sathandiza pamenepa: achinjiriza dzanja la womenya, namupatsa ufulu womenya kolimba ndi kawiri-kawiri. A MMA abvala magolovesi aang'ono koposa, ndipo kwa iwo nkololeka kumenya munthu ali pansi kufikira woweruza ataletsa. Izi sizacilendo kwa madokotala. Kale mu 1928 dokotala wa ku America, Harrison Martland, analemba za omenya nkhonya akale amene ankayenda dzandi-dzandi ndi kulankhula mododa ngati oledzera, asanalawe mowa. Ndipo mu Novembala 1982 Kim Duk-koo wa ku Korea atamwalira cifukwa ca nkhondo yace ndi Ray Mancini, bungwe la WBC linacepetsa maraundi kucokera pa 15 kufika pa 12.

Mwale ataleka nkhonya anagwidwa ndi nthenda ya Parkinson, imene inthunthumiritsa manja, niumitsa thupi, nicepetsa liu. Ndi nthenda yomweyo imene inagwira Muhammad Ali. Kunena zoona, nthendayi igwiranso alimi ndi aphunzitsi amene sanamenyedwepo nkhonya. Koma madokotala apeza kuti kugundidwa kumutu kobwereza-bwereza kuonjezera ngozi yace. Munthu amene anachedwa Gunduzani anakhala zaka zace zotsiriza ku Lusaka alikudwala, namwalira pa 18 Okutobala 2005, ali ndi zaka 53.

Mnyamata wocenjera adzati, "Koma ameneyo anagonja. Akadapambana ku San Diego bwenzi zinthu zitayenda bwino." Apa ndipo mphunzitsi abwezere Matthew Saad Muhammad uja. Iye anapambana usiku umenewo, nalandira ndalama zambiri-mbiri pa zaka za ungwazi wace. Nayenso anamenya kupitirira nthawi yace, nagonja kawiri-kawiri kwa anthu amene kale sakadayenera ndi kumunyamulira cikwama. Ndalama zinatha, ndipo mu 2010 anapezeka alikugona m'nyumba yosungiramo anthu osowa pokhala mu mzinda wa Philadelphia, mzinda womwe uja anatayidwamo ali mwana. Anamwalira mu Meyi 2014 ndi nthenda ya mitsempha yochedwa ALS, asanakwanitse zaka 60.

Koma mphunzitsi asaonjezere pa coonadi, pakuti ana ali ndi foni ndipo adzamugwira bodza. Alipo amene masewerawa anawatulutsa mu umphawi woopsa. Esther Phiri wa ku Mtendere mu Lusaka analeka sukulu asanatsirize pulaimale, nabala mwana ali ndi zaka 16, nagulitsa ndiwo zamasamba pamsika; nkhonya zinamupatsa malamba ndi nyumba. Catherine Phiri anapita ku Mexico mu Januwale 2016 nalanda lamba wa WBC kwa Yazmin Rivas, lamba wa bungwe lomwe lija Mwale analephera kubwera naye. Izi ziyenera kunenedwa, makamaka kwa atsikana, amene ambiri auzidwa kuti thupi lao liyenera mtondo ndi mtsuko basi.

Pa MMA peni-peni, mbiri ya Themba Gorimbo wa ku Zimbabwe isonyeza mbali zonse ziwiri pamodzi. Anatsala mwana wamasiye ali ndi zaka 13. Ali ndi zaka 16 ankakumba miyala ya daimondi mobisala ku Marange, kumene agalu a apolisi anamuluma namusiya ndi zipsera. Anathawira ku South Africa, naphunzira kumenyana, nakhala ngwazi ya EFC, napeza malo mu UFC. Ali yense akadati wafika. Koma mu Meyi 2023, pamene anagonjetsa Takashi Sato wa ku Japan, anaulula kuti asanalowe m'khola muja anali ndi madola 7 okha kubanki, ndipo ankagona pa mpando m'nyumba yophunzitsiramo masewera. Anagulitsa zobvala zimene anamenyera nkhondoyo, nakumbitsa citsime kumudzi kwao ndi ndalamazo. Dwayne Johnson, munthu wochuka wa mafilimu, atamva nkhaniyi anamupezera nyumba ku Miami. Ana aikonda nkhani imeneyi cifukwa ca nyumbayo. Mphunzitsi awafunse za madola 7 aja, ndi za anzace a Gorimbo amene Dwayne Johnson sanamve za iwo.

Winanso ndiye Francis Ngannou wa ku Cameroon, amene anabadwa mu 1986 m'mudzi wa Batié. Kuyambira ali ndi zaka ngati khumi ankakumba mcenga kuti apeze ndalama za sukulu, ndipo iye mwini anasimba kawiri-kawiri za manyazi a kutulutsidwa m'kalasi cifukwa cosowa colembera, kope kapena fizi. Aphunzitsi amene asonkhana pano amudziwa mwana wotere. Akhala kumbuyo, ali wamkulu thupi kuposa anzace cifukwa anacedwa kuyamba sukulu alikuweta ng'ombe za eni, ndipo ndiye woyamba kuchulidwa pakabuka ndeu. Ngannou anaoloka cipululu ca Sahara ndi nyanja, natsekeredwa miyezi iwiri ku Spain, nagona m'miseu ya Paris. Mu Marichi 2021 anakomola Stipe Miocic nakhala ngwazi ya UFC ya anthu olemera koposa. Cimene ciyenera kuchulidwa ndi ici: mu Januwale 2023 anacoka mu UFC lamba ali m'manja, atakana pangano latsopano, ndipo mwa zinthu zimene anapempha nakanidwa munali inshuwalansi ya cipatala ya omenya onse. Munthu amene anafika pamwamba peni-peni ndiye anaona kuti pepala la pangano liri ndi mphamvu kuposa nkhonya yace.

Pamenepa nchito ya mphunzitsi ioneka. Pangano lotere lilembedwa m'Cingerezi cobvuta, ndipo mnyamata amene sangathe kuliwerenga adzasaina cimene wina wamuwerengera. Gawo la manijala liwerengedwa m'maperesenti, amene aphunzitsidwa m'kalasi momwemo mwa mphunzitsi wa ku Zemba. Mwana amene akana masamu cifukwa afuna kukhala Gunduzani apatsidwe samu iyi pa bolodi: malipiro a nkhondo imodzi, kucotsapo gawo la womuphunzitsa, la manijala ndi msonkho, zotsalazo kuzigawa pa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi imene adzadikira nkhondo ina.

Palinso za pabwalo la sukulu. Ana atsanzira cimene aona, ndipo kukanyanga pakhosi kumene aona pa foni kungakomole mwana pa kamphindi kocepa, popanda woweruza woletsa. Kumeneku kuletsedwe ndithu, ndipo cifukwa cace cinenedwe. Kugwetsana pa mcenga mphunzitsi alikuyang'anira, kuthamanga ndi kulumpha cingwe kulibe coipa; kumenyana kumutu ndiko kosayenera ana. Mwana akagundidwa kumutu, pa ndeu kapena pa mpira, nakomoka ngakhale pang'ono, kapena nasokonezeka, asabwerere m'masewera tsiku limenelo ngakhale anene kuti ali bwino. Akayamba kusanza, kuodzera kosadzutsika, kapena mutu ukanka nukulira-kulira kupweteka, apite naye kucipatala msanga, osadikira m'mawa, pakuti mwazi ungakhale ulikukha m'kati mwa cigaza pamene kunja kulibe cilonda.

Ndipo akakhalapo mnyamata kapena mtsikana amene, atamva zonsezi, mtima wace uli pomwepo, mphunzitsi asamunyoze pamaso pa anzace. Akambe ndi makolo ace, ndipo amuuze kuti njira yoyenera iyambira m'magulu a osewera osalipidwa, kumene kuli womuphunzitsa wodziwa ndi dokotala woyesa thupi, monga anayambira Mwale. Mwanayo adzaopa kuti akayamba watsiriza sukulu adzakhala atacedwa. Mphunzitsi amuonetse zaka. Lottie Mwale analandira malipiro ace oyamba a nkhonya ali ndi zaka ngati 25. Francis Ngannou anafika ku Paris ali ndi zaka 26 asanaphunzirepo MMA, ndipo lamba anamulandira ali ndi zaka 34.